Khutulimodzi Wachoka Padoko

Farsund,
14 Okutobala 1809

Okondedwa achimwene a Torkel,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Mandal, chombo chanu chisananyamuke kukasaka zombo za Angelezi. Ife kuno tilipo, kungoti buledi wa masiku ano makungwa a mitengo achuluka kuposa ufa, ndipo Signe wanga akudandaula m'mimba. Koma si za njala zimene ndakhalira pansi kulemba. Muwerenge nokha, musapatse mnzanu kuti akuwerengereni.

Khutulimodzi wachoka padoko. Mukumukumbukira, mzinga wakale uja anauzika pansi kamwa kuloza kumwamba kuti azimangirirapo zingwe za zombo. Abambo ankati unang'aluka m'kati pouyesa, ndiye asilikali anauthyola khutu limodzi ndi nyundo kuti munthu asadzauikenso pachikuku. Sabata yatha ndikupita kukagula nsomba ndinangopeza dzenje lokhalokha. Ndinafunsa amuna okhala padoko aja. Wina akuti dzimbiri linaudya, wina akuti sanaone, wachitatu anangoseka n'kundiuza kuti akazi asamafunse za mizinga. Chitsulo cholemera chonchija chingachoke anthu osaona? Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwira.

Tsono mumve za alamu anu. Mukudziwa kuti a Aslak akhala akupanga zikuku za mizinga chiyambire unyamata wawo. Mzinga amautchula ndi kulemera kwa chipolopolo chake, ndipo iwo ukangowauza kuti wa mapaundi folo, kaya wa sikisi, basi, miyeso yonse ili m'mutu, amangotenga sowo. Sanayambe apitako kukayeza mzinga, ndipo amanyadira zimenezi mpaka kutopetsa. Koma a Bessesen, eni chombo chanu, ataitanitsa zikuku zinayi za mizinga ya sikisi, zitatu a Aslak anapanga mwa nthawi zonse. Pa chachinayi anatenga chingwe choyezera n'kupita kunyumba yosungira katundu ya a Bessesen. Anabwerako manja ali dzimbiri lokhalokha.

Ndinawafunsa kuti kodi sikisi wasintha? Anati mzingawo ndi wa ku Sweden, mapaundi akumeneko ndi ena. Mwina n'zoona, ine za mapaundi a ku Sweden ndizidziwira kuti. Koma pokawapatsa chakudya chamasana ndinachiona chikukucho. Chikuku chilichonse chimakhala ndi malo awiri ofanana mogonera makutu a mzinga. Ichi mbali imodzi anasema bwinobwino, mbali inayo anaikako lamba wachitsulo wokhala ndi khutu lochita kusula. Atandiona anachifunditsa chinsalu msangamsanga.

"Iwe Gunhild, wabwera ndi chakudya kapena wabwera kudzayendera ntchito?"

"Kodi mizinga ya ku Sweden imabadwa ndi khutu limodzi?" ndinatero ine.

Anadya nsomba yawo mpaka minga osandiyang'ana.

Achimwene, sindikufuna kunamizira bambo wa mwana wanga. Mwina a Bessesen anawakakamiza, poti nkhondoyi mizinga ikusowa ndipo aliyense akuifuna. Mwina akuganiza kuti udzangokhala woopsezera, osawombedwa. Ndimadziuza zimenezi ndikamachapa, koma mtima sukuvomera. Inunso mukudziwa kuti chiyambire tsiku lija munawamenya mbama pabwalo la tchalitchi anthu akuona, chifukwa cha diso langa lotupa lija, dzina lanu silitchulidwa m'nyumba muno. Zaka zonsezi amangoti "uja wakwanu uja". Ndiye masiku apitawa ayamba kundifunsa ngati mukadali mkulu wa mizinga pachombopo, ndiponso ngati mumayatsa onga nokha kapena mumasiyira ena. Chikondi chimenechi chachokera kuti?

Mizinga inayi ija inanyamuka dzulo pa bwato la katundu, yonse yopakidwa utoto wakuda, kunyezimira ngati yatsopano. Mphepo ikulikankhira kumbuyo bwatolo, ndiye ndikupemphera kuti kalatayi iyambe kufika. Ikafika mizingayo musakhulupirire utoto, musakhulupirirenso munthu wokuuzani kuti yonse ndi ya sikisi yabwinobwino. Muisisite ndi dzanja pakhosi, pafupi ndi kamwa. Zingwe za zombo zinamudya Khutulimodzi n'kusiya mizere yakuya imene utoto sungakwirire, ndipo chala chanu chiidziwa, poti munkagubuduzamo timiyala tili ana. Mukaipeza, chonde musathiremo onga ngakhale wodzaza supuni. Mungomukankhira m'nyanja, akaputeni akalipe mmene angakalipire. Ndili ndi mantha, achimwene. Amayi ndi abambo anapita, wanga amene ndatsala naye ndinu.

Kalatayi sindiipereka kwa wonyamula makalata, poti amamwa limodzi ndi a Aslak. Akubweretserani ndi mayi Ragna ogulitsa nsomba aja, akubwera kumeneko kudzaona mwana wawo wodwala. Mukandiyankha mupatse omwewo, ndipo musatchule za mzinga, mungolemba kuti nsapato zakukwanani, ine ndidzamva.

Signe akupereka moni, akuti mudzamubweretsere shuga wa Angelezi. Alamu anunso akupereka moni. Anandipeza m'mawa uno ndikufunafuna inki, anaima pakhomo n'kumwetulira, chinthu chimene ndinali nditaiwala kuti amatha. Anati:

"Umuuze mlamu wangayo kuti zakale zinatha. Chikuku chimodzi ndachipaka utoto wofiira, ndi mphatso yake. Mzinga umenewo asapatse wina, aziwomba yekha."

Moniwo ndapereka monga anandituma. Chofiiracho, achimwene, ndi chija cha lamba wachitsulo.

Ndine mlongo wanu,
Gunhild