Amayi Anakana Kukhala Kutsogolo kwa Lole

Kawale, Lilongwe
9 Novembala 1975

Okondedwa alamu anga a Ackson,

Ndikhulupirira kuti ku Mufulirako muli bwino pamodzi ndi ana. Ine mumandidziwa, zozungulirazungulira sindizitha. Amayi anu athyoka msana, ndipo amene anali pa chiwongolero ndine.

Ofesi yathu itauzidwa zosamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe, bwana anandilola kukweza banja langa pa lole yomwe inanyamula matebulo ndi makabati. Kutsogolo malo analipo a anthu awiri. Ndinati mlongo wanu Jenifa, poti ndi wodwala pakati, akhale pamenepo ndi amayi. Amayi anakana. Anauza Jenifa kuti iwo sangagundane mapewa ndi mkamwini ulendo wonse ngati alibe mwambo. Dzuwa linali litakwera, mtima wanga mukuudziwa. Ndinakuwa anthu onse akumva kuti, “Ngati ulemu ndi umenewo akwere kumbuyo ndi makabati!” Anakweradi, nakhala pa sutikesi yachitsulo.

Mpaka ku Dedza kunalibe vuto. Titafika kuno ndinadutsa kumene akumanga maofesi atsopano kuti nditsitse katundu wa boma. Kumeneko n’kokumbakumba, ine ndikuthamangitsa galimoto ndi mkwiyo uja, ndipo ndinagwetsa mateyala akumbuyo m’ngalande. Sindinamve kulira. Akuti amayi analuma mpango kuti mkamwini asawamve akubuula.

Anapirira masiku angapo akuyenda chogwira khoma, kenaka analephera kudzuka. Kuchipatala anawajambula, ndipo dokotala anandionetsa chithunzi pa zenera. Akuti msana ndi timafupa tosanjikizana, pakati pake pali tinthu tofewa ngati labala. Mafupa a amayi anafumbwa kale ndi ukalamba ngati nsungwi yakale. Limodzi laphwanyika, pamwamba pake pabooka, kofewa kaja n’kulowa m’kati mwa fupalo. Ndinafunsa ngati angakatulutse n’kuikapo kena monga tichitira ndi mabushi, timalabala tija ta galimoto. Anapukusa mutu. Fupa lidzagwirana, koma kofewako kaonongeka basi, ndipo amayi adzakhala owerama. Anaonjeza kuti mafupa otere amatha kuthyoka ngakhale ndi chifuwa chabe. Mwina ananena pondipepesa, koma ngalande ija ndinaiona ndine.

Tsono chimene ndalembera n’ichi. Amayi ayenera kutembenuzidwa ndi kudzutsidwa mosamala, thupi lonse pamodzi, apo ayi fupa lina lidzatsata. Jenifa mwezi wake ndi uno, sanganyamule ngakhale ndowa. Kuno ndife alendo. Mayi Zubeida oyandikana nafe amathandiza m’mawa, koma amapita kukagulitsa nsalu kumsika mpaka madzulo. Manja amene alipo ndi angawa, ndipo amayi sawafuna. Dzulo anadziipitsira pamphasa kusiyana n’kuti ndiwanyamule. Ndinaima panja ndikumva Jenifa akulira.

Jenifa atawadandaulira, amayi anati mwini mbumba ndinu. Mukanena inu kuti mkamwini awagwire, adzafunda nsalu kumaso n’kulola. Chonde alamu, sindipempha ndalama, sindipempha kuti mundikhululukire. Zonditukwana mulembe patsamba lina, ndidzawerenga zonse. Koma patsamba loyamba mulembe mawu oti Jenifa akawawerengere amayi, ndipo mutumize tsiku lomwelo.

Mupereke moni kwa akazi anu ndi ana. Jenifa akuti mumupempherere. Amayi nawo akupereka moni. Ndinafunsira pakhomo chomwe ndilembe, iwo n’kuuza Jenifa kuti, “Auzeni alembe kuti ndinafika bwino, ndipo bambo a kunyumba kuno akundisunga bwino.” Ndalemba monga ananenera.

Ndine mlamu wanu,
Lemson