Sokosi m'makina otsukira mbale

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo. Pirirani nazo zilembo zangazi, paja sukulu ine ndinangoionera panja.

Kuno kwa mwana wanga kuli makina otsukira mbale. Sabata yatha anayamba kutaya madzi, m'khitchini monse n'kunyowa, mpaka matabwa a kabati kufufuma. Mkamwini wanga anagwada ndi tochi, anagwiragwira mapaipi, anayang'ana labala wa pachitseko, koma sanapeze kanthu. Lachinayi anaitana mmisiri. Iyeyo anachotsa sefa ya pansi, kupisamo zala, n'kutulutsa sokosi yakuda. Akuti ndiyo inatseka njira ya madzi.

"Kodi pakhomo pano mumadyera m'sokosi?" anatero mmisiriyo akuseka.

Asuweni, sokosiyo ndi yanga. Masana ndimatsala ndekha, koma sindikukumbuka n'komwe kuti makinawo ndinawatsegulapo. Mwana wanga sanaseke. Anangoti, "Palibe kanthu, amayi." Koma dzulo anandiletsa kuyatsa mbaula iye kulibe, ndipo ndikalowa pabalaza, iye ndi mwamuna wake amasiya kulankhula.

Inu mukukumbuka momwe anayambira kuiwalaiwala malume anu, bambo anga aja, ndi kumene tinakawasiya. Pamenepo sindilemba zambiri.

Ndikupemphani chimodzi. Kalatayi muisunge. Ndikadzakulemberaninso nkhani yomweyi ngati yatsopano, mudzandiuze inuyo mwakachetechete, anawa asanadziwe.

Ndatha ine,
msuweni wanu