Chithunzi cha M'chifuwa mwa Abambo

Okondedwa achimwene a Laston,

Ndikhulupirira muli bwino kunjako. Kuno ku Michesi mvula yagwa, ana ali bwino.

Munalemba kuti kompyuta mukuiphunzitsa kuzindikira chifuwa chachikulu pa zithunzi ija sinakhwime, imalakwitsabe. Nditawawerengera kalatayo, abambo anakaniratu kubwerera kuchipatala. Amvekere, "Idzandiyeza ndi kompyuta ya mwana wanga basi. Ndidikira, chinangwa sazula chisanakhwime." Tinawachonderera, koma mukuwadziwa abambo anu.

Chithunzi cha m'chifuwa mwawo munkapempha chija ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. Anachikulunga okha m'nsalu kuti chisapindike.

Iphunzitseni msanga kompyutayo, achimwene, idzathandize abambo a ena. Ife kuno tinameta maliro a abambo Loweruka.

Ndine mlongo wanu,
Belita