Anayamba Kutsokomola Ndani

Lachiwiri, 20 Agosto 1957

Masiku atatu chimuikireni Anastácia. Mphepo, fumbi. Mapichesi akuseri kwa nyumba achita maluwa. Anadzala yekha chaka chimene tinakwatirana.

Joana, mwana wathu, akugona kwa agogo ake. Zaka zinayi. Anamutenga tsiku la maliro, sanamubweze.

Alamu anga aSilvestro, mlongo wake wa malemu, ndiwo eni mbumba. Abwera m'mawa, moni ayi. Mawu osasa, kulira mwina. Angoti Lamulungu pa 8 Setembro, tikatuluka ku Misa, banja likhala pansi.

Nkhani yake ndaimva kale: mdulo. Anastácia anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Ine ndinapita ku boma, ku Vila Coutinho, pa 5 kukatenga mabuku a sikola imene ndimaphunzitsa, ndinabwera pa 7. Pa 11 iye wagona. Kutentha thupi, chifuwa, kenako magazi. Pa 16 watha. Kwa iwo zaonekeratu: mwamuna akayenda ndi mkazi wina wake ali ndi pakati, amamudula. Sindinayende ndi munthu. Ndinagona pakhonde la kantina, sitolo ya pamsewu, pamodzi ndi anthu ochokera ku Joni, oyembekeza galimoto. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ndikumudziwa dzina.

Ndine mkamwini. Akandipeza wolakwa ndimanga mabuku anga, ulendo kwathu ku Domwe. Joana atsala, ndipo pano sindidzapondaponso.

Lachinayi, 22 Agosto

APatrisio, akatekista, andibweretsera jornal, nyuzipepala yochokera kwa ansembe ku misau. Ya masabata atatu apitawo, ngodya inadyedwa ndi chiswe. Ndawerenga kawiri. Nthenda yatsopano, akuitcha giripi ya ku Asia. Tsamba loyamba likuti ndi chimfine chopepuka, anthu asade nkhawa. Tsamba lachinayi likuti kwina atseka masikola. Manambala a odwala pa masamba awiriwa sakugwirizana.

Ku Vila akuti kuno siinafike. Komatu chiyambire Asunsau, chikondwerero cha Maria cha pa 15, m'mudzi muno taika atatu.

Akulu ena akuti ndi fuluwenza ija inabwera itatha nkhondo yoyamba ya Jeremani. Ena akuti ayi, ijayo inkagwetsa munthu pamzere ali ndi khasu m'manja, iyi ndi mphepo ya Agosto chabe. APatrisio akuti onsewo akulankhula uku akutsokomola.

Ngati ndi giripi, si mdulo. Masamu ake ndi omwewo.

Ndaphika nyemba. Mchere ndinaiwala kumene ankausunga.

Loweruka, 24 Agosto

Panjinga kupita ku posto, kachipatala kathu, kukaonana ndi aHilário, aenfermeyiro, anamwino a pamenepo. Tinaphunzira limodzi. Mzere wa anthu kufika pamsewu. Aliyense amubaya pachala, magazi apaka pa kagalasi, ayang'ana m'makina. Anthu akutuluka okondwa, akuti ayezedwa nthenda yatsopano, alibe.

Atatseka chitseko ndinawafunsa. Anaseka mosakondwa. "Kagalasi kamaona malungo okha, aPulofesolo. Koma munthu wayenda mtunda wonsewo, ndimubweze osamugwira?"

Giripi kuti aione, akuti, amachukuchitsa munthu pakhosi, madziwo n'kutumiza kutali, kumene amalera kachilomboko m'mazira a nkhuku. Ndinawerengapo zotere. Kuno palibe amene anatumizako kanthu. Kwa wamoyo palibe, nanji womwalira.

Pepala la Anastácia analemba kuti chifuwa. Ndinapempha alembe giripi. Anakana mwaulemu. Sanamuone, ndipo akulu awo a kuntchito sakufuna kumva dzinalo popanda umboni.

M'buku lawo, odwala dera lonse la posto: khumi ndi mmodzi. Amawerenga okhawo afika pakhomo ndi miyendo yawo.

Pondiperekeza anati njira ilipo imodzi. Ndilembe aliyense wodwala m'mudzi ndi tsiku limene anayamba. Giripi imadumpha kuchoka pa munthu kupita pa mnzake, masiku awiri, atatu, nthawi zina anayi, ndipo papepala imaoneka ngati mzere wa linthumbu. "Mdulo sugwira mudzi wonse."

Pobwerera tcheni la njinga linaduka. Ndayenda pansi kuchokera pamlatho.

Lachiwiri, 27 Agosto

Kwabwera sipayi, wapolisi wa boma, kudzafunsa odwala. Mbiri inamutsogolera. Dzuwa lisanakwere, odwala onse anali atawanyamulira ku zisakasa za kumadimba. Akuopa kuti mudzi autseka monga nthawi ya nthomba, mbatata ili pafupi kupita kumsika. Ena akuti otengedwa magazi sabwerera.

Sipayi anayenda nyumba ndi nyumba. Paliponse yankho limodzi, tili bwino. Mayi wina anadziluma nsalu kuti asatsokomole, misozi ili chuchuchu. Sipayiyo mwini akuyetsemula, maso ofiira. Anandibwereka lapisi, n'kulemba zero.

Zero ameneyo apita ku Vila, ku Tete, mwina afika mu jornal.

Joana ndamuona pachitsime. Amumeta. Anandikwezera dzanja, agogo ake n'kulitsitsa.

Lachisanu, 30 Agosto

Masiku atatu ndikuyenda ndi aPatrisio. Sipayi amamubisira odwala, akatekista ayi, poti aliyense akufuna pemphero. Iwo apemphera, ine ndifunsa. Ndalumbira khomo lililonse kuti pepalali silipita ku Vila. Mkulu wina anafunsa za mazira aja, nati ngati nthendayo ikufuna nkhuku aipatsa tambala ichoke.

Vuto ndi masiku. Palibe amene amasunga deti. Amati msika usanachitike, Asunsau itapita. Ambiri amati, "Maliro a amayi a Joana atapita masiku awiri." Kapena anayi. Kapena sabata. Akatero amandiyang'ana n'kugwetsa nkhope. Ndimalemba. Anastácia wasanduka kalendala wa mudzi.

Maina 41. Omwalira anayi. Pa anayiwo, awiri anali ndi pakati. Wachiwiriyo ndi Rufina, mwamuna wake ali ku migodi chaka chachiwiri chino... ayi, anabwera pa Paskwa, n'kubwereranso. Nayenso akumunena.

Kwa aSilvestro sanatitsegulire bwino. Anaima pakhomo, nati pano palibe anadwalapo.

Lolemba, 2 Setembro

Ndasanja maina motsata masiku. AHilário ananena zoona. Mmodzi, kenako atatu, kenako asanu ndi awiri. Atatu oyambawo ndi amayi amene ankasambitsa Anastácia ndi kumutembenuza. Pambuyo pawo ana awo, amuna awo, kenako amene anagona pamaliro. Mwana wa kalasi yoyamba akhoza kuona.

Ndinakondwa. Ndilembe zoona, ndinakondwa, mwina kotala ya ola.

Pamwamba pa onse, Anastácia, 11 Agosto. Iye sanatuluke m'mudzi chiyambire Junyo.

Pa 8 ndi pa 9 mutu unkandiwawa, pakhosi pokanda. Ndinati ndi fumbi la mumsewu. Anandiwiritsira masamba a bulugamu, anandifunditsa bulangete, iye analowetsamo mutu wake kuona ngati nthunzi ikukwana. Pa 10 ndinali kuwaza nkhuni.

Anthu a pakhonde la kantina ankatsokomola onse. Mmodzi anandipatsa kapu yake.

Lachisanu, 6 Setembro

Masiku anayi osatsegula kaderno, buku lolembamoli.

Amene anandiona ndikudwala ndi Anastácia yekha. Ndikhoza kusiya pepala momwe lilili. Maina afika 58, akwanira kusonyeza kuti si mdulo. Palibe angafunse za pamwamba.

APatrisio ndawauza. Anakanda chala chaphazi ndi ndodo. Anati kupuma mpweya si tchimo. Ndikudziwa zimenezo. Ndawerenga mabuku okwanira kudziwa zimenezo.

Maluwa a mapichesi ayamba kuyoyoka. Sikola itsegulidwa pa 16, ngati ana alipo.

Ndalemba dzina langa pamzere woyamba. Ndi lapisi poyamba. Madzulo ndadutsamo ndi tinta yosafufutika.

Lamulungu, 8 Setembro

Pakhonde la apongozi, titatuluka ku Misa. Anthu khumi ndi awiri, ambiri ofunda nsalu kumutu. Joana anamutumiza kwa anansi.

ASilvestro anayala mlandu mwachidule, maso ali pansi. Ulendo wa ku Vila, pakati, magazi. Atatha ndinapempha kuwerenga.

Ndinayamba ndi ine. Feliciano, 8 Agosto. Anastácia, 11. Ndinapitiriza mpaka 59, omwalira asanu. Ena mwa okhala pamenepo anamva maina awo, anayang'ana kumbali. Ndinafotokoza za masiku awiri kapena atatu, za kapu, za bulangete.

Apongozi anati, "Ndiye mwavomera kuti ndinu."

Ndinati ndabwera nayo m'chifuwa, monga mmene iwonso anaitengera kwa mwana wawo pomusambitsa n'kukapatsira adzukulu. Kwina kumene akundiganizirako sindinapiteko.

Wina anati pepala lalembedwa ndi woimbidwa mlandu yemweyo, nanga likanati chiyani. Wina anati wabodza sadziika pamwamba. Wina anafunsa ngati a ku Vila atsimikiza. Ndinati a ku Vila akuti m'mudzi muno odwala ndi zero. Panali kuseka pang'ono, kenako chifuwa.

Onse anayembekeza aSilvestro. Iwo anapempha kuona pepala. Kuwerenga sadziwa bwino. Anaika chala pamzere woyamba, nthawi yaitali. Anati mawa.

Ndamanga mabuku m'mitolo iwiri. Nsalu zake ndasiya, ndi za Joana akadzakula.

Lolemba, 9 Setembro

ASilvestro afika ndikusesa pabwalo. Okha. Anakhala pa mtondo wogubuduzika, chipewa pabondo.

Anapita ku Dedza pa 2 Agosto ndi matumba awiri a mbatata, njira ya m'phiri, opanda giya, kalata yaboma yoyendera. Anabwera pa 4. Pa 6 thupi moto. Anaopa kuti akamveka kudwala afunsidwa kumene anali, ndiye anakagona m'chisakasa kudimba, kunyumba n'kunena kuti akulondera nguluwe. Ankadziwa ndi mlongo wawo yekha. Anastácia ankawapititsira phala m'mawa ndi madzulo, kuyambira ine ndili ku Vila mpaka pa 9. Ankawamwetsa ndi dzanja lake.

Sanandiuze. Ndinkaona akupita kudimba ndi kambiya, ndinkati akukathirira.

"Mundilembe, alamu."

Ndinatenga kaderno. Anafunsa kuti ndiye anamupatsira ndani, iwo kapena ine. Ndinawerenga masiku pamaso pawo. Onse awiri akukwana. Ndinati sindidziwa. AHilário sangadziwe. A mazira aja, ngakhale akanabwera ndi nkhuku zawo, sakanadziwa.

Anati anakhulupiriradi za mdulo. Kenako anati ankafuna kukhulupirira. Akawaululira kale amayi awo m'mawa uno, ndipo za mlandu zatha. Ndikhale, ndiphunzitse. Za kusudzula tidzakamba pometa kachiwiri.

Pamwamba pa dzina langa panalibe malo. Ndawalemba pambali, mzere womwewo.

Joana wabwera masana, agogo ake atamunyamulira mphasa mpaka pa mpanda. Sanalowe. Mwanayo wayendera nyumba yonse, wayang'ana kuseri kwa chitseko, pansi pa kama. Mchere wandisonyeza ndi iye, m'chigubu cha pamwamba pa tsindwi la nkhokwe. Wafunsa kuti mapichesi a amayi apsa liti. Ndati Dezembro.

Wagona pamitolo ya mabuku, sindinamasule. Chipumi chozizira. Ndagwira kachitatu tsopano. Chozizira.