Chisoti cha Dzino la Amayi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndipo mukutafuna ndi mano anu onse. Ife kuno tilipo. Alamu anu akupereka moni.

Mukukumbukira kuti dokotala wa pachipatala chathu chaching'ono anati dzino la amayi likungofunika kutsuka ndi kumata pabowopo, chifukwa linali likadali lamoyo? Inu pafoni munati zimenezo n'zachikale, ndipite nawo kwa mnzanu, dokotala wa mano wa makina uja. Ndinamvera. Anaboola dzinolo, n'kuchotsa mtsempha, n'kulipala mpaka kutsala kachitsa, kenako n'kuliveka chisoti choyera. Munaitanitsa chithunzi, ndipo ndamva kuti munkachionetsa kuntchito kwanu.

Chisoti chija chinagwa Lachiwiri amayi akudya nthochi. Nthochi yakupsa, achimwene. Kachitsako kang'ambika mpaka pansi, nkhama zatupa, ndipo mnzanuyo akuti dzino lakufa nthawi zina limatero. Bwanji sananene zimenezo asanaliphe? Amayi tsopano amaseka atagwira pakamwa, ndipo kukwaya anasiya. Ndikadandaula amati, "Usamuvutitse mlongo wako, ankafuna zabwino."

Dzulo ndinabwerera nawo kwa dokotala woyamba uja. Anajambula nsagwada, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti mwana wamkulu ali kuti. Akuti nkhani si ya dzino lokha, waona china m'nsagwadamo. Zotsalazo sindilemba. Mubwere mudzamve ndi makutu anu, poti kulamula muli patali mumatha.

Chisoticho ndachikulunga m'kapepala, chili mu envulopu momwemu. Munasankha ndinu, chisungeni.

Ndine mlongo wanu amene mumangomutuma uja.