Data ya Atate Ndaizimitsa

Lachisanu, mu Julayi

M'mawa kunazizira mpaka zala kuuma. Mphepo inkagwedeza malata, ndipo malole opita ku Mwami ankamveka chapatali. Ndaswera ndi mtima wowawa.

Ndine ndinaphunzitsa atate kugwiritsa ntchito foni. Miyezi iwiri ndinkawagwira chala, chifukwa ankadina mwamphamvu ngati akuswa mtedza. Ankaopa kuti akalakwitsa, dziko lonse liwaona. Tsopano mantha aja atha. Dzulo anajambula lipoti langa la kusukulu, pamene masamu ndinalephera, n'kulitumiza ku gulu la pafoni la mphakati wathu. Lero kalasi yonse yandiseka, poti amayi awo anawaonetsa.

Nditawafunsa atate, anangoti, "Iwe, ndimafuna akupempherere. Koma waona mmene chithunzicho chatulukira bwino?"

Chabwino. Mawa kukubwera azibambo atatu ochokera ku Chiparamba kuti atate awaphunzitse foni, ndipo anawauza kuti iwo anaphunzira okha. Koma pali chimodzi chimene sindinawaonetse. Sadziwa kuti data imachita kuyatsidwa. Amaganiza kuti intaneti imangokhala m'foni, chifukwa ndine ndimaiyatsa. Madzulo ano anasiya foni pa chaja, ine ndaizimitsa datayo. Mawa ndilawirira kudimba. Aisisite foniyo pamaso pa alendo awo mpaka chala chitenthe. Akadzatuma mwana kudzandiitana, ayambe afufuta lipotilo ine ndikuona.

Amayi abwera kuchokera kumsika dzuwa likulowa. Atate afika pambuyo pawo akuimba mluzu, atasenza mipando itatu yobwereka.