Andiitana Kuti Aphunzitsi

Lachinayi, Novembala. Kunatentha, ndipo ndadzichotsa ulemu ndekha.

Poweruka kusukulu ndinaima pa Nsaru, pakhonde la okonza njinga pomwe anthu amamvera wailesi. Inkanena za mayina amene achotsedwa pa feteleza wotsika mtengo chaka chino. A Banda ogulitsa mtedza anati boma ili laiwala osauka. Ine n'kupsa mtima. Ndinati wailesi imeneyo ndi ya otsutsa, msewu watsopano siiuona, imangosaka zoipa. Mpaka ndinanena kuti amene achotsedwawo ndi mizukwa, mayina a anthu oti anamwalira kalekale. Ena anaseka, ine n'kumadzimva.

Sindinaone kuti azakhali anga aNachisale, amene anandilera amayi atamwalira, anakhala pansi chakumbali, kudikira kuti awamatire tayala.

Anadzuka pang'onopang'ono n'kukonza chitenje. "Ndiye ine ndine mzukwa, eti aphunzitsi? Dzina langatu palibe. Ndinakaona Lolemba."

Aphunzitsi! Chibadwire sanandiitanepo choncho. Amangoti "iwe Yosefe", ngakhale pamaso pa ana asukulu.

Sindinkadziwa n'komwe kuti achotsedwa. Ndikanadziwa bwanji, mwezi wachitatu uno osaponda pakhomo pawo? Za msewuzo sindinaname ayi, koma azakhali sangathire msewu m'chimanga chawo.

Mawa ndipita. Thumba limodzi la feteleza ndingathe kuwapezera. Chimene ndikuopa n'choti akandiona akathamangira kundiyalira mphasa ngati mlendo, n'kugwada, n'kuti "takulandirani aphunzitsi". Pamenepo ine sindikudziwa kuti ndikayang'ana kuti...